Wotchi yakale si kaunjika wochapa n'kusita

Wogulitsa kaunjika aliyense amadziwa chochita akangotsegula belo. Malaya abwino amawapatula, kuwachapa, kuwasita n'kuwapachika poonekera, ndipo mtengo umakwera. Wa nsapato naye amatsuka, kupaka polishi ndi kusintha zingwe. Pamsika, katundu wowala ndiye amayenda msanga.

Koma pali katundu wina amene nzeru imeneyi imamuwononga. Wotchi yakale yapamkono ya kampani yodziwika, monga Omega, Longines, Tissot, Rado kapena Seiko, imagulidwa chifukwa cha ukale wake. Wogula wodziwa amafuna kuipeza ili ndi zitsulo zomwe idatuluka nazo ku fakitale zaka 40 kapena 60 zapitazo, ngakhale itakandika pang'ono kapena kusuluka nkhope. Wamalonda akaipala ndi sandipepa, kuipenta nkhope ndi kuisintha mivi kuti ioneke yatsopano, wataya gawo lalikulu la mtengo wake ndi manja ake omwe.

Geni imeneyi imamveka ya anthu olemera, koma ili ndi malo a munthu wa mpamba wochepa. Sifuna shopu, firiji kapena galimoto, ndipo mawotchi khumi amakwana m'thumba la jekete. Chomwe imafuna ndi diso lodziwa kusiyanitsa yeniyeni ndi yosokonezedwa, ndipo diso limaphunzitsika. Wopanda diso, ngakhale atanyamula mamiliyoni, amabwerako ndi chitsulo chachabechabe.

Chidadulitsa mawotchi akale

Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pafupifupi wotchi iliyonse yapamkono inkayenda ndi sipuling'i. Ina inkafuna kupukusa ndi zala m'mawa uliwonse. Ina inkadzipukusa yokha mkono ukamagwedezeka, ndipo imeneyi ndi ija yolembedwa kuti Automatic pankhope. Mkati mwake mumakhala kainjini ka timawilo ndi tizitsulo tambirimbiri.

Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idayamba kugulitsa Astron, wotchi yapamkono yoyamba yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. Idayamba ili yodula, ma yen 450,000, womwe udali mtengo wa galimoto panthawiyo. Koma pasanathe zaka khumi mawotchi a batire adatchipa kwambiri, ndipo ankasunga nthawi bwino kuposa a sipuling'i. Dziko la Switzerland, lomwe ndi kuchimake kwa mawotchi, lidagwedezeka. Ogwira ntchito m'mafakitale a mawotchi kumeneko adatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pa pafupifupi 30,000 m'zaka za m'ma 1980, ndipo makampani mazanamazana adatsekedwa.

Anthu adaponya mawotchi a sipuling'i m'madirowa. Ambiri adatayidwa, ena a golide adasungunulidwa. Otsala lero sakuchuluka, chifukwa mitundu yakaleyo sipangidwanso. Kuonjezera apo, wotchi yotchipa ya batire ikafa imangotayidwa, pamene ya sipuling'i mmisiri amaiphwasula, kuitsuka, kuithira mafuta, n'kuyendanso zaka zina. Kusowa ndi kukonzeka kumeneku ndiko kumaipatsa mtengo.

Nkhani yomwe imazunguza mitu ya oyamba kumene ndi ya wotchi ya Rolex Daytona ya katswiri wa mafilimu wa ku America, Paul Newman. Mu Okutobala 2017 kampani ya Phillips idaigulitsa pa okushoni ku New York pa madola pafupifupi 17.8 miliyoni. Chidadulitsa wotchiyo ndi dzina la mwini wake, ndipo malonda otere sachitika pa benchi. Wamalonda wamng'ono aphunzirepo zina: mitengo ya mawotchi odula ogwiritsidwa kale ntchito idakwera mopenga mpaka kumayambiriro kwa 2022, kenako idatsika kwa zaka zoposa ziwiri. Omwe adagula pamwamba ndi ndalama zangongole adalira.

Komwe amapezeka

Mawotchi akale alipo m'dziko muno, ndipo mbiri ikufotokoza chifukwa chake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Boma lidaimitsa ulendowu mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70. Udayambiranso patapita zaka zochepa pansi pa Theba mpaka 1988. Ena adapita ku Halale ndi ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Pobwerera ankanyamula njinga, wailesi, mabulangete, suti ndi wotchi. Zaka zimenezo ndi zomwezo zomwe mawotchi abwino a sipuling'i ankapangidwa mochuluka. Panalinso aphunzitsi, akalaliki, asilikali ndi ogwira ntchito m'maesiteti, ena mwa iwo adalandira wotchi ngati mphatso popuma pantchito.

Choncho malo oyamba kuyang'ana ndi m'masutikesi ndi m'madirowa a m'makomo, momwe wotchi ya agogo yagona zaka 30 chifukwa idaima. Malo achiwiri ndi pa matebulo a okonza mawotchi m'misika ya m'tauni monga ku Limbe, Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Amisiri ambiri ali ndi chitini cha mawotchi akufa omwe amachotsako masipeya. Malo achitatu ndi m'milu ya katundu wosakaniza wa kaunjika, momwe wotchi imabwera pamodzi ndi zibangili, zidole ndi malamba. Opita kukaoda ku Joni angathenso kudutsa m'mashopu a katundu wachikole ndi wogwiritsidwa kale ntchito, monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, ngakhale kuti kumeneko eni shopu amayamba aona mitengo pa intaneti asanaike yawo.

Makwerero a mpamba

Sitepe yoyamba ya wampamba wochepa ndi Seiko 5. Mtundu umenewu udayamba mu 1963 ndipo udapangidwa mamiliyoni. Ndi wodzipukusa wokha, umaonetsa tsiku ndi deti, ndipo pa yambiri kachitsulo kopukusira kamakhala cha pa 4 koloko. Si wotchi ya anthu olemera, ndipo pamsika wa dziko lonse yambiri imagulidwa pa madola makumi angapo chabe. Ubwino wake ndi wakuti masipeya ake savuta, amisiri ambiri amaidziwa, ndipo wolakwitsa pogula sagwa mpamba wonse. Citizen ndi Orient zili pa sitepe yomweyi. Apa ndi pasukulu pophunzirira diso.

Sitepe yachiwiri ndi mawotchi a ku Switzerland a mtengo wapakati a m'ma 1950 mpaka m'ma 1970: Oris, Roamer, Enicar, Favre-Leuba, Certina ndi Tissot. Pano palinso Rado DiaStar, yomwe idatuluka mu 1962 ndi thupi la chitsulo chovuta kukandika, komanso King Seiko ya ku Japan. Wodziwa akhoza kupeza phindu labwino pa sitepe imeneyi chifukwa maina ena sadziwika kwa anthu ambiri, choncho eni ake sakweza mtengo.

Sitepe yachitatu ndi Omega ndi Longines. Omega idayamba kupanga Seamaster mu 1948 ndi Constellation mu 1952, ndipo Speedmaster ndi wotchi yomwe Buzz Aldrin adavala poyenda pa mwezi mu Julaye 1969. Speedmaster yakale ndi ya madola masauzande, koma Seamaster kapena Genève wamba ya chitsulo ya m'ma 1960 imagulidwa pa madola mazana angapo. Kwa wamalonda wamng'ono, wotchi imodzi yotere yopezeka pa mtengo wabwino ndiyo ingakhale malonda aakulu a chaka.

Rolex ndi yoyenera kuisiya kaye. Yeniyeni yotchipitsitsa, yakale ndi yotopa, imapitirirabe madola 1,000, ndipo zambiri ndi za masauzande angapo. Palibe dzina lomwe limakoperedwa kwambiri kuposa limeneli. Rolex yomwe ikutsatsidwa pa mtengo wa matumba awiri a feteleza kawirikawiri imakhala feki kapena yakuba, ndipo zonse ziwiri mathero ake ndi kuluza. Njira yakale yoyesera, yoona ngati muvi wa masekondi ukuyenda mosalala kapena modumpha, idatha ntchito. Mafeki ambiri a masiku ano ali ndi injini ya sipuling'i ndipo muvi wake umayenda mosalala, pamene Rolex yeniyeni ya mtundu wa Oysterquartz, yomwe idatuluka mu 1977, imayendera batire ndipo muvi wake umadumpha.

Kuyesa wotchi asanapereke ndalama

Zida zofunika ndi zochepa: kagalasi kokulitsira zinthu ka amisiri, tochi ya pafoni, kansalu kofewa ndi bando ya intaneti yoonera zithunzi za wotchi yeniyeni ya mtundu womwewo.

Choyamba kuona ndi nkhope, chifukwa ndipo pagona mtengo waukulu. Zilembo za ku fakitale zimakhala zopyapyala, zofanana kukula ndi zoongoka bwino. Nkhope yopentedwanso imadziwika ndi zilembo zonenepa, utoto wolowerera pa manambala, timizere ta mphindi tosalingana, kapena kusowa kwa mawu aang'ono a m'munsi monga Swiss Made. Pa intaneti padadzaza mawotchi a Seiko 5, Citizen, Oris ndi HMT ochokera ku India, omwe adalumikizidwa kuchokera ku zidutswa za mawotchi osiyanasiyana n'kupentedwa mitundu yowala monga yofiira, yobiriwira ndi yachikasu. Osonkhanitsa mawotchi amawatcha Mumbai special, ndipo sawagula. Wotchi ya zaka 50 yomwe thupi lake ndi lodyeka koma nkhope ili mbee ngati yadzulo ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Chachiwiri ndi manambala. Pa Seiko, chivundikiro chakumbuyo chimakhala ndi manambala awiri. Ina ili ndi magawo awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 6309-7040 kapena 7S26-0020. Gawo loyamba ndi mtundu wa injini, lachiwiri ndi mtundu wa thupi. Nambala ya injiniyo imalembedwanso ting'onoting'ono m'munsi mwa nkhope, pafupi ndi 6 koloko, komanso pa injini penipeni. Malo atatuwa akasemphana, wotchiyo ndi yolumikiza. Nambala ina, yomwe pa yambiri imakhala ya zilembo 6, imanena tsiku lobadwa: chilembo choyamba ndi nambala yomaliza ya chaka, chachiwiri ndi mwezi, kuyambira 1 mpaka 9, kenako O, N ndi D kuimira Okutobala, Novembala ndi Disembala. Injini ya 6309 idapangidwa kuyambira 1976 mpaka m'ma 1980, choncho wotchi ya 6309 yomwe nambala yake ikuyamba ndi 93 idapangidwa mu Malichi 1979. Injini ya 7S26 idayamba mu 1996, ndiye wotsatsa wonena kuti 7S26 yake ndi ya m'ma 1970 akunama kapena sakudziwa.

Pa Omega yakale manambala ali mkati. Nambala ya mtundu imadindidwa kuseri kwa chivundikiro, ndipo nambala ya wotchiyo ndi dzina la kampani zili pa injini, yomwe pa zambiri za m'ma 1950 ndi 1960 imaoneka yofiirira ngati kopa. Wotchi yodula isagulidwe isanatsegulidwe ndi mmisiri, wogula ndi wogulitsa onse akuona. Wokana kuti itsegulidwe ali ndi chomwe akubisa.

Chachitatu ndi dzimbiri. Wotchi yomwe yangoima chifukwa mafuta adauma imakonzeka. Yomwe idalowa madzi n'kuchita dzimbiri mkati nthawi zambiri ndi ya masipeya basi. Zizindikiro zake ndi nthunzi kuseri kwa galasi, madontho ofiirira m'mphepete mwa nkhope ndi kachitsulo kopukusira kolimba kapena kokhadzula potembenuza. Pa wotchi ya batire, batire lomwe lidaphulikira mkati limasiya ufa woyera kapena wobiriwira womwe umadya mawaya.

Chachinayi ndi kayendedwe. Wotchi ipukusidwe, ilinganizidwe ndi nthawi ya pafoni, kenako ionedwe pakatha maola 24. Yakale yotsala kapena kuthamanga ndi mphindi imodzi patsiku ili bwino. Yothamanga ndi mphindi zambiri mwina yangogwidwa ndi maginito a sipika ya wailesi kapena foni, ndipo vutoli mmisiri wokhala ndi chida chake amalichotsa m'kanthawi kochepa. Yopukusidwa mokwanira iyenera kuyenda usiku wonse ndi tsiku lotsatira ili pa tebulo. Ma Seiko 5 ambiri akale sapukusika ndi zala, amafuna kugwedeza, choncho kachitsulo kakamangozungulira sikuti wotchiyo ndi yakufa.

Chachisanu ndi golide, pomwe ambiri amapusitsidwa. Thupi la golide weniweni limakhala ndi chidindo cha 375, 585 kapena 750, kapena 9K, 14K ndi 18K. Nambala 750 ikutanthauza kuti magawo 750 mwa 1,000 a chitsulocho ndi golide. Mawu monga Plaqué, Gold Plated, Gold Filled, 20 Microns, SGP kapena Base Metal akutanthauza kuti golide adangokutira pamwamba. Chivundikiro cholembedwa Stainless Steel Back pa wotchi yachikasu chikuulula zomwezo. Zidindo nazo zimakoperedwa, choncho wosula golide ayese ndalama yaikulu isanatuluke. Ndipo mawu akuti 17 Jewels kapena 21 Jewels asanyenge munthu. Timiyala timeneto ndi topanga ku fakitale, ntchito yake ndi kuchepetsa kukhulana kwa timawilo, ndipo patokha tilibe mtengo. Wophwanya wotchi kuti achotse timiyalati wawononga katundu pachabe.

Zololedwa ndi zoletsedwa pokonza

Kuyeretsa wotchi ndi kololedwa. Litsiro la m'mphepete lichotsedwe ndi kamtengo kotokosera mano ndi kansalu kofewa. Galasi la pulasitiki lokandika likhoza kupukutidwa kapena kusinthidwa, ndipo lamba wachikopa wong'ambika asinthidwe. Koma lamba wachitsulo wa ku fakitale, ngakhale atakhwepa, asatayidwe. Pa mawotchi ena lamba yekhayo ali ndi mtengo wake.

Zoletsedwa ndi izi. Thupi lisapalidwe ndi sandipepa kapena makina, chifukwa ngodya zake zakuthwa zikafufutika sizibwereranso, ndipo ogula odziwa amayang'ana ngodya zomwezo. Mankhwala opukutira zitsulo monga Brasso amachotsa golide wokutira n'kusiya mkuwa poyera. Nkhope isakhudzidwe ndi madzi, sipiriti kapena chala. Mu injini musathiridwe mafuta a makina osokera, palafini kapena mafuta opopera. Wotchi yakale isaviikidwe m'madzi poyesa, ngakhale italembedwa Waterproof, chifukwa timphira take tidauma kalekale. Deti isasinthidwe mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'mbandakucha, poti nthawi imeneyo timano tosinthira deti timakhala titagwirana ndipo tikhoza kuthyoka. Dzina kapena mawu a mphatso ozokotedwa kumbuyo asafufutidwe, chifukwa kupala kumapyapyalitsa chivundikiro ndipo kumapatsa wogula chikayiko.

Palinso nkhani ya thanzi. Utoto wowala mumdima wa mawotchi opangidwa mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 unkapangidwa ndi radium, yomwe ndi yoopsa fumbi lake likalowa m'thupi. Nkhope ndi mivi ya wotchi zotere zisapalidwe kapena kuuziridwa ndi pakamwa. Pambuyo pake mafakitale adasinthira ku tritium, yomwe pa mawotchi a ku Switzerland imadziwika ndi chilembo T pambali pa mawu akuti Swiss kapena Swiss Made. Mphamvu ya tritium imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse, choncho wotchi ya m'ma 1970 yolembedwa T koma ikuwala kwambiri usiku wonse idapakidwanso utoto wina.

Mmisiri wabwino ndi theka la geni imeneyi. Wamalonda afunse kuti sevisi yomwe akulipira ndi yotani. Yeniyeni ndi yophwasula injini yonse, kutsuka kachitsulo kalikonse ndi kuthira mafuta a wotchi pamalo oyenera. Kungoviika injini yonse m'petulo n'kuiumitsa kumayendetsa wotchi masabata ochepa, kenako kasitomala amabwerera ali wolusa. Agwirizanenso kuti chilichonse chochotsedwa chibwezedwe kwa mwini wake, ndipo injini ijambulidwe pafoni isanasiyidwe kwa mmisiri.

Masamu a geni

Phindu la wotchi limapangidwa pogula, chifukwa mtengo wogulitsira wamalonda wamng'ono sangausunthe. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke, si mitengo ya pamsika. Wamalonda wagula Seiko 5 yoima pa K40,000. Sevisi yadya K25,000, galasi K7,000, lamba K8,000, thiransipoti ndi bando K5,000. Wotchiyo yamudyera K85,000. Akaigulitsa pa K120,000 wapeza K35,000. Koma ikagona miyezi itatu isanagulidwe, phindu lake ndi losakwana K12,000 pamwezi, pamene K85,000 yomweyo ikadazungulira kangapo pa tomato kapena pa zovala. Ndipo mwa mawotchi asanu ogulidwa ali oima, imodzi ikakanika kukonzeka, mtengo wake uyenera kugawidwa pa anayi otsalawo.

Pa chifukwa chimenechi wotchi ikhale geni yapambali, yoyendetsedwa ndi ndalama yomwe ingathe kugona. Ndalama ya katapila kapena ya banki m'khonde, yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, siyenerana ndi katundu woyenda pang'onopang'ono chonchi. Mpamba wonse usathere pa wotchi imodzi, ndipo gawo lina lizisungidwa la mmisiri.

Podziwa mtengo, wamalonda asiyanitse mtengo wotsatsira ndi mtengo wogulidwira. Pa Chrono24 pamaoneka mitengo yomwe ogulitsa akufuna, ndipo wotchi ina imakhala pamenepo chaka chathunthu. Pa eBay pali posankha pakuti Sold items, pomwe pamaoneka ndalama zomwe anthu adaperekadi. Mtengo umenewo ndi wa kunja, komwe ogula ndi ambiri. Wogulitsa ali kuno achotsepo zolipira kampani yotsatsira, zotumizira ndi vuto la kalandiridwe ka ndalama.

Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa wosunga wotchi yeniyeni yomwe mtengo wake umawerengedwa m'madola, izi zimateteza mpamba. Kwa woitanitsa mawotchi ndi masipeya kunja, zimakweza zonse, kuphatikizapo msonkho wa MRA wolipira katundu akamalowa. Ndiye wampamba wochepa amapindula kwambiri posaka mawotchi omwe ali kale m'dziko muno kusiyana ndi kuoda kunja.

Kukula kwa wotchi kumakhudzanso malonda. Mawotchi akale a abambo ambiri ndi a mamilimita 33 mpaka 36, aang'ono poyerekeza ndi zimphona za masiku ano, ndipo kasitomala wosadziwa amawayesa a amayi. Timawotchi takale ting'onoting'ono ta amayi timavuta kugulitsa kulikonse, ngakhale titakhala ta Omega, pokhapokha titakhala ta golide weniweni.

Kugulitsa, chilungamo ndi lamulo

Ogula wotchi yakale sapezeka pa mulu wa mawotchi atsopano otchipa. Ndi anthu a m'maofesi, alendo ogwira ntchito m'mabungwe, achinyamata okonda zovala zachikale ndi ofuna mphatso ya ukwati kapena ya bambo awo. Ambiri amafikiridwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Zithunzi zijambulidwe masana pamthunzi, zoonetsa nkhope, m'mbali, kumbuyo ndi injini. Wogulitsa anene zonse: chaka, zomwe zasinthidwa, mphindi zomwe imataya patsiku komanso kuti si yosamba nayo. Anthu okonda mawotchi ndi ochepa ndipo amadziwana. Wowagulitsa feki kamodzi watseka msika wake wonse, pamene woulula chilema amagulidwanso kachiwiri ndi kachitatu.

Pa wotchi yodula, malonda achitikire poyera, masana, makamaka pa tebulo la mmisiri. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba usakhulupiriridwe ndi maso okha, wogulitsa ayambe waona balansi yake katundu asanachoke m'manja.

Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo wotchi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe akuba amathamangira. Wamalonda akhale ndi kabuku kolembamo tsiku, dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake cha unzika, nambala ya wotchi ndi mtengo, ndipo wogulitsayo asainire. Wobwera mothamanga, wokana kuonetsa chiphaso, wosadziwa ngakhale kapukusidwe ka wotchi yomwe akuti ndi yake, asiyidwe apite.

Wotchi ya malemu ili ndi vuto lakelake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa womwalira, ndipo mdzukulu kapena mphwake wozembetsa wotchi ya m'sutikesi akhoza kulowetsa wogula m'milandu ya banja. Ndi bwino kukambirana ndi mayi wamasiye kapena ana a malemu, pali mboni. Ndi bwinonso kupereka mtengo wachilungamo. Wogula Omega ya gogo pa mtengo wa sopo amapindula tsiku limodzi, koma nkhani ikamveka m'mudzi, masutikesi ena onse amatsekeka. Wolipira bwino amaitanidwa ndi mabanja ena okha.

Poyambira

Wofuna kulowa geni imeneyi asayambe ndi kugula. Mwezi woyamba authere pa tebulo la mmisiri wodalirika, akuona mawotchi akutsegulidwa, akuwerenga manambala ndi kuwafananiza ndi zithunzi za pa intaneti. Asankhe mtundu umodzi, monga Seiko 5 ya injini ya 6309 kapena 7009, n'kuudziwa mpaka kutha kuzindikira nkhope yopenta ali chapatali. Akagula yoyamba aivale yekha sabata ziwiri asanaitsatse, kuti adziwe kayendedwe kake. Mawotchi atatu kapena anayi akagulitsidwa popanda wobweza, ndiye nthawi yoganiza za Tissot kapena Omega yakwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wotchi yomwe yadikira zaka 40 m'dirowa singathawe chifukwa choti wogula wapempha tsiku limodzi loti akaifufuze.